Khungu Likamayabwa: Dziwani Kaye Nthenda, Kenako Mupake Mankhwala

Palibe funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri kuposa ili: "Thupi likundiyabwa, ndipake chiyani?" Ambiri ofunsa amakhala atapaka kale mankhwala a mitundu iwiri kapena itatu, kuyabwa n'kuleka masiku ochepa, kenako n'kuyambiranso mwamphamvu. Ndaganiza zolemba yankho lonse pamalo amodzi, chifukwa dzina limodzi la mankhwala limene anthu amafuna kumva kulibe. Mphere, chipere ndi chikanga zonse zimayabwa ndipo zonse zimatuwitsa khungu, koma zoyambitsa zake n'zosiyana kotheratu. Choopsa n'chakuti mankhwala amene amachiza chikanga ndi omwewo amene amakulitsa chipere ndi kubisa mphere. Tsatirani ndondomekoyi monga ndaisanjira. Siikulowa m'malo mwa dokotala woona khungu lanu ndi maso ake, koma ikuthandizani kudziwa chochita, komanso nthawi imene simuyenera kukhala pakhomo.

1. Onani kaye ngati pali zizindikiro zoopsa

Zina sizifuna kudikira. Pitani kuchipatala lero lomwe ngati zotupa zabwera limodzi ndi kutentha thupi kwambiri, ngati khungu likusupuka kapena kutuluka matuza aakulu, ngati m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche mwatuluka zilonda, kapena ngati milomo ndi nkhope zatupa ndipo kupuma kukuvuta. Chimodzimodzi ngati mwendo kapena mkono watupa, ukutentha, ukupweteka, ndipo kutupako kukufalikira m'maola ochepa.

Kumbukiraninso mankhwala akumwa amene mwayamba m'masabata asanu ndi atatu apitawa. Cotrimoxazole, nevirapine, carbamazepine, phenytoin ndi allopurinol ndi ena mwa mankhwala odziwika kuti nthawi zina amayambitsa nthenda yoopsa yotchedwa Stevens-Johnson, imene imasupula khungu ndipo imatha kupha. Mukaona zotupa zoterezi, musamwenso mankhwalawo musanaonane ndi dokotala tsiku lomwelo, ndipo muwanyamule popita.

Matuza otuluka mumzere mbali imodzi yokha ya thupi, opweteka ngati moto, amakhala mashingozi. Amayamba ndi kachilombo komwe kaja ka katsabola, kamene kamabisala m'mitsempha kwa zaka zambiri n'kudzadzuka chitetezo cha thupi chikatsika. Mapiritsi a aciclovir amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72, choncho musachedwe, makamaka ngati matuzawo ali pamphumi kapena pafupi ndi diso.

2. Werengani chubu cha mankhwala amene mukupaka

Tembenuzani chubucho, muwerenge timalemba tating'onoting'ono. Mukapeza dzina ngati clobetasol, betamethasone, beclometasone, dexamethasone kapena fluocinolone, dziwani kuti muli steroid. Mankhwala a gulu limeneli amaziziritsa kutupa ndi kuyabwa msanga, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma saapha kachilombo kalikonse. Amangofooketsa chitetezo cha pakhungu pamene mwapakapo, tizilombo n'kupeza mpata wochulukana.

Amene ndimadana nawo kwambiri ndi makirimu osakaniza zitatu m'chubu chimodzi: steroid, mankhwala a fangasi (tizilombo toyambitsa chipere) ndi mankhwala a mabakiteriya. Amagulitsidwa ngati ochiza chilichonse, ndipo sabata yoyamba amaonekadi ngati akuchiza. Chipere chopakidwa zoterezi chimataya maonekedwe ake ozungulira, chimafalikira thupi lonse, mpaka dokotala amavutika kuchizindikira. Ku India, kumene makirimu amenewa anafala kwambiri, kwabuka mtundu wa fangasi wotchedwa Trichophyton indotineae umene nthawi zambiri sumva terbinafine, ndipo wafika kale m'mayiko ena ambiri. Steroid wamphamvu akapakidwa miyezi yambiri amapyapyalitsanso khungu, amasiya mizere yosatha m'ntchafu ndi m'khwapa, ndipo kumaso amatulutsa ziphuphu.

Ngati munagula nokha, siyani. Ngati mwapaka kwa miyezi yambiri kapena anakulemberani ndi dokotala, kambiranani naye za kasiyidwe kake, chifukwa khungu lozolowera steroid limayamba lakwiya mukasiya mwadzidzidzi.

3. Yang'anani thupi lonse, osati poyabwa pokha

Vulani masana pamalo owala, wina akuoneni kumsana ndi m'mutu. Pakhungu lakuda kutupa sikuoneka kofiira monga zithunzi zambiri za pa intaneti zimaonetsera. Kumaoneka kodera kuposa khungu lozungulira, kapena kotuwa. Choncho musadalire mtundu. Dalirani malo amene zotupa zili, maonekedwe ake, nthawi imene zimayabwa, ndi funso lofunika koposa: kodi m'nyumbamo muli wina amene akudzikandanso?

Mphere ndi kuyabwa koopsa usiku, ndi tinsungu ting'onoting'ono pakati pa zala za m'manja, pamkono polumikizira dzanja, m'khwapa, pamchombo, m'chiuno, m'matako, kunsonga za mabere ndi kumaliseche. Kwa makanda zimafika m'zikhatho, kunsi kwa mapazi ndi m'mutu. Anthu awiri kapena atatu akamadzikanda m'nyumba imodzi, ganizirani mphere musanaganize china chilichonse.

Chipere ndi banga lozungulira, m'mphepete mwake motukuka ndi motuwa, pakati pake pooneka ngati pakuchira, ndipo limakula pang'onopang'ono kupita kunja. Nthawi zambiri limakhala mbali imodzi ya thupi. M'mutu limathothola tsitsi n'kusiya dazi lotuwa.

Chikanga ndi khungu louma, lokhakhala, loyabwa, lopezeka mbali zonse ziwiri mofanana, makamaka mopindikira mkono, kuseri kwa mawondo, m'khosi, ndipo kwa makanda m'masaya. Chimapita n'kubweranso, ndipo kawirikawiri m'banjamo mumakhala wina wodwala mphumu kapena chimfine chosatha. Sichipatsirana. Mayinawa anthu amawasinthanitsa malinga ndi dera, ena banga lililonse amalitcha chikanga, choncho mukamafotokozera dokotala nenani zimene mukuona, osati dzina lokha.

4. Ngati ndi mphere, chizani nyumba yonse usiku umodzi

Apa ndi pamene ndikhalitse, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalephera, ndipo chimene chimalephera si mankhwala.

Mphere zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes scabiei, kosakwana ndi theka la milimita. Kakakazi kamakumba njira m'kachikopa kapamwamba ndipo kamaikira mazira awiri kapena atatu patsiku. Mazirawo amaswa pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo pakatha pafupifupi masabata awiri anawo amakhala atakula, nawonso akuikira. Munthu wamba wodwala mphere amakhala ndi tizilombo 10 kapena 15 tokha thupi lonse. Kuyabwa konse kuja ndi thupi kulimbana ndi tizilomboto, mazira ndi zonyansa zake. Si nthenda ya uve. Munthu wosamba kawiri patsiku amadwala mphere akagona pamodzi kapena kukhudzana nthawi yaitali ndi wodwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati nthawi iliyonse anthu osachepera 200 miliyoni padziko lapansi ali ndi mphere, ndipo mu 2017 linaziika m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha.

Mfundo imene muyenera kuigwiritsitsa ndi iyi: munthu amene wagwidwa mphere koyamba amatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi asanayambe kumva kuyabwa, koma nthawi yonseyo akupatsira ena. Ndiye kuti amene akunena kuti "ine sizikundiyabwa, sindipaka" akhoza kukhala yemwe adzabwezeretse mphere kwa onse amene apaka. Aliyense wogona m'nyumbamo, wolera mwana, ndi amene mumagona naye ngakhale akhale kwina, apake tsiku limodzi. Osati mwana lero, mayi mawa, bambo sabata yamawa.

Mankhwala oyamba ndi kirimu wa permethrin 5%. Kapakidwe kake ndi aka. Wengani zikhadabo. Ngati mwasamba, dikirani thupi liume ndi kuzizira. Pakani thupi lonse kuyambira m'khosi ndi kuseri kwa makutu mpaka kunsi kwa mapazi, osati pamene pali nsungu pokha. Lowetsani pakati pa zala zonse, pansi pa zikhadabo, mumchombo, m'khwapa, pansi pa mabere, pakati pa matako ndi kumaliseche kunja kwake. Kumsana akupakeni wina. Ana aang'ono, okalamba ndi amene chitetezo chawo n'chotsika apakidwenso m'mutu ndi kumaso, kupewa maso ndi pakamwa. Wamkulu mmodzi amatha chubu cha magalamu 30, wathupi lalikulu mwina ziwiri. Chubu chimodzi sichingakwanire banja lonse. Mankhwalawa akhale pathupi maola 8 mpaka 14, n'chifukwa chake timati mupake pogona. Mukasamba m'manja usikuwo, pakaninso m'manjamo nthawi yomweyo. Kuiwala kupakanso kumapulumutsa tizilombo tambiri, poti m'manja ndi momwe tizilomboti timakonda kukhala.

Pakatha masiku 7, bwerezani zonse, anthu onse. Kupaka koyamba kumapha tizilombo koma mazira ena amatsala. Kwachiwiri kumapha amene aswa asanayambe kuikira.

Kumene permethrin sapezeka amapereka benzyl benzoate 25%, amene amakhala pathupi maola 24 ndipo amabwerezedwa monga akulangizirani. Amawawa pakhungu lokandika, ndipo ana amawasungunulira ndi madzi theka kwa theka. Makanda osakwana miyezi iwiri amapatsidwa mafuta a sulphur usiku utatu wotsatizana, koma zimenezi akuuzeni ndi achipatala. Palinso mapiritsi a ivermectin amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi n'kubwerezedwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana osakwana makilogalamu 15.

M'mawa mwake chapani zovala, zofunda ndi mathaulo amene mwagwiritsa ntchito masiku atatu apitawo m'madzi otentha opitirira madigiri 50, kapena muzisite. Zosachapika muzimange m'thumba la pulasitiki kwa masiku osachepera atatu, sabata ngati mungathe, poti kachilomboka sikakhala moyo kupitirira masiku awiri kapena atatu kunja kwa thupi la munthu. Kupopera mankhwala nyumba yonse n'kosafunika.

Tsopano chimene chimasokoneza anthu: kuyabwa kumapitirira masabata awiri mpaka anayi tizilombo titafa kale. Ambiri amaganiza kuti mankhwala alephera, n'kumapaka tsiku ndi tsiku mpaka khungu kupsa, kuyabwa n'kuwonjezeka. Musatero. Dzolani mafuta ofewetsa khungu, ndipo pa nthawi imeneyi hydrocortisone 1% (steroid wa mphamvu yochepa) ndi mapiritsi ochepetsa kuyabwa angathandize. Bwererani kuchipatala ngati nsungu zatsopano zikutuluka kapena kuyabwa kwadutsa mwezi. Wodwala amene khungu lake lakhuthala ndi nkhanambo zambiri m'manja ndi m'mapazi, ngakhale lisamayabwe kwenikweni, angakhale ndi mtundu wa mphere wokhala ndi tizilombo zikwizikwi. Ameneyo amapatsira kwambiri ndipo afunika chithandizo cha kuchipatala.

5. Ngati ndi chipere, onani pamene chili

Chipere chimayamba ndi fangasi wodya kachikopa kapamwamba, tsitsi ndi zikhadabo. Chimachokera kwa munthu mnzanu, kwa amphaka, agalu ndi ng'ombe, kapena kudzera m'zipeso, zipewa, mathaulo ndi makina ometera.

Cha pathupi, m'mphechepeche ndi pakati pa zala za kumapazi chimamva mankhwala opaka: clotrimazole 1% kapena miconazole 2% kawiri patsiku kwa masabata awiri mpaka anayi, kapena terbinafine 1% kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mafuta a Whitfield nawonso amagwira ntchito, ngakhale amachedwerapo. Pakani mopitirira m'mphepete mwa banga ndi masentimita awiri, chifukwa fangasi wamoyo ali kumphepeteko, osati pakati. Banga likazimiririka, pitirizani sabata ina kapena ziwiri. Nystatin musataye naye nthawi. Amachiza mtundu wina wa fangasi, osati chipere. Ngati chili m'mphechepeche, yang'ananinso kumapazi ndipo muchize zonse pamodzi, apo ayi chizingobwerera.

Cha m'mutu ndi nkhani ina. Fangasi amalowa mkati mwa tsitsi mpaka kumizu kumene kirimu safika, choncho kupaka kokha sikuchiza ngakhale mupake chaka chathunthu. Mwana afunika mankhwala akumwa, griseofulvin kwa masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, kapena terbinafine pafupifupi masabata anayi, pamlingo woyenerana ndi kulemera kwake. Griseofulvin amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chamafuta, saloledwa kwa oyembekezera, ndiponso amafooketsa mapiritsi olerera. Nthawi zina m'mutumo mumatupa chotupa chofewa chotuluka mafinya. Chimenecho si chithupsa, musachiboole kapena kuchicheka. Ndi thupi kulimbana ndi fangasi yemweyo, ndipo chikachedwa kuchizidwa chimasiya dazi losameranso tsitsi. Onaninso m'mutu mwa ana ena onse, ndipo aliyense akhale ndi chipeso chake. Zikhadabo zokhuthala ndi zofumbutuka nazonso zimafuna mapiritsi, pafupifupi masabata 6 za m'manja ndi 12 za kumapazi.

6. Ngati ndi chikanga, mafuta ndiwo mankhwala oyamba

Khungu la munthu wa chikanga silisunga madzi bwino, ndipo limalola zinthu zokwiyitsa kulowa mosavuta. Ambiri amabadwa nalo choncho. Sichichira kamodzi n'kamodzi, koma chimagonja mukachisamalira, ndipo ana ambiri chimawachepera akamakula.

Dzolani mafuta olimba opanda fungo, monga petroleum jelly, kawiri patsiku kapena kuposerapo, makamaka mukangotuluka m'bafa thupi lisanaumiretu. Chitani zimenezi ngakhale masiku amene khungu lili bwino. Sambani mwachidule ndi madzi ofunda, osati otentha, chepetsani sopo, ndipo sopo wonunkhira kapena wolembedwa kuti amapha majeremusi musiyeni. Musakhule khungu ndi chinthu chokhakhala.

Chikabuka, apa ndiye pamalo pake pa steroid, ndipo musamuope. Ndimaona makolo ambiri akupaka pang'ono kwambiri chifukwa cha mantha, mwana n'kumagona akudzikanda miyezi. Kumaso, m'khosi ndi kwa makanda ndi hydrocortisone 1%. Pathupi la wamkulu dokotala angalembe wamphamvuko monga betamethasone valerate 0.1%. Muyeso wake ndi wapafupi: finyani kirimu kuchokera kunsonga ya chala cholozera mpaka pamzere woyamba wa chalacho. Ameneyo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwanira malo aakulu ngati manja awiri a munthu wamkulu. Pakani pamene pali chikanga pokha, kamodzi kapena kawiri patsiku, kwa sabata imodzi kapena ziwiri mpaka khungu lisalale, kenako siyani n'kupitiriza ndi mafuta.

Chikanga chikakhala malo amodzi okha, dzifunseni kuti pamenepo pamakhudza chiyani. Pansi pa mchombo kapena m'makutu nthawi zambiri ndi chitsulo cha nickel cha m'malamba ndi ndolo. M'manja mwa omanga nyumba ndi simenti. M'mphepete mwa tsitsi ndi utoto wakuda wodayira tsitsi. Pamenepo mankhwala enieni ndi kusiyana nacho chinthucho. Ndipo mwana wa chikanga akatuluka mwadzidzidzi timatuza tambiri tofanana, topweteka, thupi n'kutentha, thamangani naye kuchipatala.

7. Musanyozere zilonda za kukanda

Mphere ndi chikanga zimatsegula khungu, mabakiteriya a Staphylococcus ndi Streptococcus n'kulowa. Mudzaona zilonda zonyowa, mafinya ndi nkhanambo zachikasu. Zikakhala zochepa, nyowetsani nkhanambozo ndi madzi ofunda ndi sopo, zichoke, mupake mupirocin kapena fusidic acid masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Zikachuluka, kapena pakatuluka mwanabere ndi kutentha thupi, pafunika maantibayotiki akumwa. Chifukwa chimene ndikulimbikira n'chakuti Streptococcus wa pakhungu amatha kuvulaza impso patapita masabata angapo. Mwana amene anali ndi zilonda akayamba kutupa kumaso m'mawa, kapena mkodzo wake ukada ndi kuchepa, apite kuchipatala msanga.

8. Banga losayabwa liyeseni ndi thonje

Banga loyererapo kuposa khungu lanu, losayabwa, losapweteka, losamva mankhwala a chipere, lingakhale khate. Tsinzinani, wina akukhudzeni ndi kansonga ka thonje pabangapo ndi pakhungu labwino mosinthanasinthana, inu muziloza pamene mwamva. Ngati pabangapo simukumva, kapena manja ndi mapazi achita dzanzi, kayezetseni. Khate limayamba ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium leprae, ndipo limachira ndi rifampicin, dapsone ndi clofazimine kwa miyezi 6 kapena 12. Mankhwalawa akhala akuperekedwa kwaulere kudzera ku WHO kuyambira mu 1995. Kulumala kumabwera chifukwa cha kuchedwa, mitsempha ikawonongeka.

Zinanso zofunika dokotala ngakhale zisamayabwe ndi chilonda chimene chatha mwezi osapola, banga lakuda lomakula kunsi kwa phazi kapena pansi pa chikhadabo, timabanga todera totukuka m'miyendo kapena m'kamwa, ndi kachilonda kalikonse kokhakhala pakhungu la munthu wachialubino. Zonsezi zingakhale khansa, ndipo zimachizika bwino zikapezeka msanga.

9. Mukamapita kuchipatala

Ngati mwatsatira zonsezi masabata awiri kapena anayi popanda kusintha, kapena simukutha kusiyanitsa kuti ndi nthenda iti, pitani. Nyamulani machubu ndi mapiritsi onse amene mwagwiritsa ntchito, ngakhale otha, ndipo nenani zoona za mafuta oyeretsa khungu ngati mumadzola, poti ambiri mwa iwo ali ndi steroid wamphamvu. Tsiku limenelo musapake kanthu, kuti dokotala aone khungu mmene lilili ndiponso athe kupala pang'ono n'kukayang'ana pa maikulosikopu ngati muli fangasi kapena kachilombo ka mphere. Jambulani zotupazo ndi foni pamene zabuka kwambiri, chifukwa zina zimazimiririka tsiku lokaonana ndi dokotala. Ndipo ngati nthenda ya pakhungu ikungobwererabwerera, yafalikira modabwitsa, kapena mwadwala mashingozi muli wachinyamata, pemphani kuti akuyezeni HIV ndi shuga.